Anditchula Kangati

Magetsi abwera cha m'ma leveni usiku,
firiji ya m'labu yayambanso kung'ung'udza,
ine ndayatsa kompyuta kuti ndidziwerenge.
Mapepala makumi awiri ndi anayi.
Anditchula ka 312.
Dzana kanali ka 309.
Anthu atatu, kwinakwake kozizira,
alemba dzina langa mopotoza,
achotsa chilembo chimodzi pa Mpinganjira,
koma makina awerengera ndithu.

Mlongo wanga Fanuelo, wogulitsa matayala ku Limbe,
anandifunsa pa chinkhoswe cha mwana wake:
"Ndiye akakutchula kamodzi amakulipira zingati?"
Ndinati salipira.
Anaseka mpaka kutsamwa ndi thobwa:
"Achemwali, imeneyotu ndi miseche."

Fomu yokwezera pantchito yandidikira sabata yonse.
Ikufuna manambala okhaokha:
ndi angati amene dzina langa lili patsogolo,
ndi angati lili kumapeto kwenikweni, pampando wa eni ndalama.
Pa pepala lotchuka kwambiri ndine wachisanu
mwa anthu khumi ndi mmodzi,
ndapanikizika pakati pa mlendo amene anakhala kuno masabata awiri
natsegula m'mimba masiku asanu,
ndi wina amene sindinamuonepo nkhope.
Ndikafuna kuliwerenga, langa lomwe,
akuti ndilipire madola makumi atatu.

Sindilipira. Mndandanda wachiwiri ndimaudziwa pamtima.
Ana 186. Tayifodi.
Nambala 58 anali Lekeleni wa ku Goliyo, ku Ndirande,
zaka zisanu ndi chimodzi,
juzi ya mkulu wake yofika m'mawondo,
thupi lotentha ngati malata a Okutobala.
Mayi ake anadinda chala pa fomu,
inki yotsala anapukutira ku chitenje,
kenaka anafunsa:
"Magaziwa mukupita nawo kuti?"
Ndinati tikawaone.
Timadontho tochepa, tosadzadza supuni.
Theka linakwera ndege.
Mayiyo ndege amangoimva ikamadutsa kupita ku Chileka.

Lachitatu lapitali pa Ginnery Corner,
ndikudikira minibasi ya ku Chilomoni,
wina anandigwira mkono:
"Adokotala a magazi!"
Beseni la nthochi pamutu, imvi zayamba.
Akuti Lekeleni ali folomu thu,
ndi wamtali kuposa bambo ake, amakonda masamu,
amadzuka folo koloko kukatunga madzi
chifukwa mpopi wa pakiyosiki unauma kalekale
ndipo Nasolo sauma.
Kenaka, ngati tinasiyana dzulo:
"Nanga munapezamo chiyani m'magazi muja?"

Yankho ndinali nalo, la masamba khumi ndi awiri,
lofinyidwa ndi akadaulo atatu osadziwika maina,
lobwezedwa kawiri, lokonzedwa, lovomerezedwa.
Lonse m'Chingerezi.
Pakamwa panga panatuluka mawu awiri:
"Ndi madzi."
Anandiyang'ana, natsitsa beseni.
"Aa. Zimenezo timazidziwa."
Ndinagula nthochi zinayi.
Anaonjezera ziwiri za pulayizi,
kondakitala akukuwa kuti mpando watsala umodzi.

Tsopano ndili pano, fomu patsogolo panga.
Sindinyoza manambalawa, ndinawakhetsera thukuta:
ndinagona pabenchi ya ku Gulupu kudikira mabotolo,
mwana wanga anayamba kuyenda ine ndili ku msonkhano.
Mwina mwa anthu mazana atatuwo
alipo mmodzi amene adzasaina kanthu,
katemera kapena mapaipi,
ndipo kanthuko kadzatsika msewu wa fumbi wa ku Goliyo.
Mwina. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndadinanso batani. 313.
Wina wangonditchula kumene, kwawo kwacha.
Pa fomu palibe bokosi lolembamo
amene anakuzindikira pa siteji patatha zaka zisanu ndi zinayi.
Ndasenda nthochi yachiwiri ya pulayizi.
Kuseri kwa khomali, m'shelefu yachitatu, mu chisanu choopsa,
theka la magazi a Lekeleni
lidakali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.